Thovu la m'Shopu ya Atelala

4 Febuluwale

Kwa iwe Kansingano,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno tilipo, kupatula bondo la amako ndi lamba wa makina amene waduka kawiri mwezi uno.

Usadabwe kuona dzanja langa patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Sindikudwala, sindikupempha ndalama, ndiponso sindinasinthe maganizo pa nkhani ija. Ndikufuna kufunsa chinthu chimodzi chokha, pakuti safunsa anadya phula.

Amako amati ku hotela kumene umagwira ntchito umatsegulira anthu olemera vinyo wathovu uja, amene ena amati shampeni, wophulika ngati mfuti. Ndikufuna kudziwa kapangidwe kake. Undilembere mwadongosolo, choyamba n'chiyani, chachiwiri n'chiyani, ndi miyezo yake. Zoti "pang'ono" kapena "mokwanira" usandilembere. Ine ndine telala, ndimagwira ntchito ndi manambala. Mphesa kuno n'zosowa, koma zinanazi zachuluka pamsika moti ogulitsa akuchita kutigwira malaya.

Usafunse kuti n'chifukwa chiyani.

Ndine bambo ako.

Ndaiwala: amako akuti kamwana kako kayamba kulongolola kwambiri. Ine sindinafunse, anangondiuza okha.

19 Febuluwale

Amayi anga okondedwa,

Muli bwanji ndi bondolo? Ife kuno tili bwino tonse atatu. Mdzukulu wanu anameza batani dzana, koma latuluka, musade nkhawa. Bambo ake akuti ndi magazi a kwa atelala amenewo.

Amayi, ndiuzeni zoona, Bambo atani? Ndinaona dzanja lawo pa envelopu. Ndinakhala pansi pa masitepe pomwepo ndi yunifolomu yanga. Ndinkaganiza kuti mwina inu mwatisiya, kapena mwina mtima wawo wafewa tsopano. Ndikutsegula, nkhani yake ya zinanazi! Zaka zisanu ndi chimodzi osandilembera, ku ukwati wanga osabwera, mwana wanga osamuona, lero ati ndiwaphunzitse kufulula.

Kodi ayamba kumwa? Munthu uja ankati ngakhale tiyi akachuluka amanjenjemeretsa singano? Kapena shopu yagwa, ndiye akufuna kutsegula bala? Bambo a mwana akuti ndiyankhe mwaulemu, koma ine ndikuona ngati akunyoza ntchito yanga monga ananyozera ya mwamuna wanga. Zandipweteka, Amayi. Sindiwayankha mpaka inu mundiuze.

Mwana wanu.

3 Malichi

Mwana wanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndaseka mpaka bondo linaiwala kupweteka. Bambo ako sanayambe kumwa, shopu nayo ilipo. Matenda awo ndi akale omwe aja, kuuma mutu.

Iwe waiwala, koma iwo sanaiwale. Kumbuka tsiku lija unabwera ndi mnzakoyo kudzamuonetsa. Mwana wa eni ake anavala thalauza latsopano lomutalikira, ndiye analipinda m'munsi ndi sitepula ya ku ofesi. Pa anthu onse a pa dziko lino, kukaonekera kwa telala ndi thalauza lopinda ndi sitepula! Bambo ako nkhope yake sanaione, ankangoona timawaya tija. Atamvanso kuti ndi wophika, zinathera pomwepo. Munthu wosoka madiresi a azimayi tsiku lonse ankati mwamuna weniweni sasenda anyezi.

Iwe unayankha mwaukali n'kutuluka ukulira, ndiye mwina sunamve zimene anakuwa ataima pakhomo, msewu wonse ukumva: "Tsiku limene ndidzapange ndi manja angawa vinyo wathovu wa ku hotela kwanuko, ndi limene wophika wakoyo adzaponde m'nyumba muno!"

Bambo ako ukuwadziwa, chibadwire sanabwezepo mawu. Koma chaka chatha unatumiza chithunzi cha kamwana kaja, ine n'kuchiika pa kabati. Patatha masiku awiri chinasowa. Ndinakachipeza m'kadirowa ka makina, momwe amasungamo masingano. Munthu wagwira njakata tsopano. Kubweza mawu sangathe, kukhala osakuonani sangathenso. Ndiye waona kuti njira yachidule ndi kungopanga vinyoyo basi.

Ndinawafunsa kuti, "Atelala, bwanji osangolemba kuti bwerani?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Mayi, ine si mwana."

Choncho athandize, mwana wanga. Thovulo likakanika, ine ndifa ndikukuonani pa zithunzi. Usawauze kuti ndakuuza.

Amako.

16 Malichi

Bambo,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Ndafunsa kwa munthu wodziwa za m'khitchini, ndipo wanena izi.

Finyani zinanazi zakupsa bwino, musefe madzi ake pa nsalu yoyera mpaka akwane malita khumi. Nsalu ndiye simusowa. Thirani m'chigubu chotsuka ndi madzi otentha, muikemo shuga kilo imodzi ndi yisiti supuni imodzi yaing'ono. Boolani chivindikiro, mulowetsepo kapayipi, mbali inayo ikamire m'botolo la madzi. Mawa lake muzimva kakulira kuti bwu, bwu, bwu. Musachigwire chigubucho mpaka kulirako kutatheratu, masabata atatu kapena anayi.

Mukatero tsanulirani m'mabotolo pang'onopang'ono, nsenga zitsale pansi. M'botolo lililonse muikemo shuga supuni imodzi yaing'ono. Imodzi, Bambo. Ndalemba mzere kunsi kwa mawu amenewa dala. Shuga ameneyo ndiye amabala thovu botolo likatsekedwa.

Mabotolo wamba musagwiritse ntchito, ndi opyapyala. Dikirani, tikusonkhanitsa okhuthala kuti tikutumizireni.

Kamwana kali bwino, ngakhale simunafunse. Kamadziwa kuwerenga mpaka khumi, koma seveni kamamudumpha.

Kansingano.

21 Epulo

Mwana wanga,

Uyambe wakhala pansi. Tonse tili moyo, palibe wavulala, koma kuno kunali nkhondo.

Kalata yako bambo ako anaipachika pa msomali pamodzi ndi miyezo ya makasitomala. Chigubu anachiika pansi pa tebulo lodulira nsalu. Anthu akafunsa kuti chikulira n'chiyani, ankati, "Ndi za sayansi." Masiku khumi ndi awiri anapirira. La khumi ndi chitatu anati chigubu chikuchita dala, ndipo mabotolo anu akuchedwa. Anakatenga mabotolo a zoziziritsa kukhosi ku golosale.

Pa shuga ndiye ndinayesa kulankhula. Ndinati, "Atelala, mwana walemba mzere kunsi."

Iwo amvekere, "Supuni imodzi? Umenewo ndi umbombo wa ku hotela. M'nyumba muno mlendo sitimuyezera shuga."

Anathira masupuni atatu akuluakulu botolo lililonse, n'kutseka, n'kuwandandalika m'kabati momwe amapachikamo zovala zosokedwa kale.

Lachinayi masana kunabwera mkwatibwi ndi mayi ake kudzayesa diresi laukwati. Mtsikana waima pa kampando, bambo ako agwada pansi, mapini ali m'kamwa. Tinangomva kuti phuu! Chitseko cha kabati chinatseguka chokha. Tisanafunsane, lina phuu, lina phuu, ngati akuyankhana. Mayi a mkwatibwi, ndi thupi lawo lonse lija, analowa pansi pa tebulo n'kuyamba kulapa machimo mokweza, ena oti sitinkawadziwa. Wometa tsitsi wa pafupi uja anathamangira kuno, kumbuyo kwake kasitomala wometedwa mbali imodzi. Mkwatibwi yekha ndiye sanasunthe pa kampando, akuti ankaopa kubayidwa ndi mapini.

Mabotolo khumi ndi asanu ndi atatu, sipanatsale ndi limodzi lomwe. Diresi linachita chikasu m'munsi monse. Ndinalinyika, ndinalichapa katatu, linayera, koma fungo la chinanazi lakanirira. Mtsikanayo ndi wamtima wabwino, akuti mwamuna wake amakonda zinanazi.

Anthu atabalalika, bambo ako anasesa okha magalasi, tsache anandikaniza. Atatha anakhala pa mpando wa makina n'kunena kuti, "Mayi, kamwana kaja kakula kasanandione."

Aka n'koyamba kukatchula okha. Ndinali nditakonza mawu ambiri owaseka, koma ndinawameza, chifukwa anandimvetsa chisoni. Mabotolo aja tumizani msanga asanataye mtima.

Amako.

5 Meyi

Bambo,

Pepani kuti ndakulemberani musanandilole. Ndine wophika uja. Ndikhulupirira inu ndi Amayi mwadzuka bwino, ndipo m'shopu mwauma.

Ndiyambe ndi kuulula. Munthu wodziwa za m'khitchini amene mwana wanu anamufunsa ndinali ine. Ngati zimenezi zikuipitsa malangizo aja, ng'ambani kalata ino, sindidandaula.

Ndatumiza pa basi bokosi la mabotolo khumi ndi awiri a vinyo weniweniyo, amene ndakhala ndikutola alendo akamaliza kumwa. Mukawanyamula mumva kulemera kwake, ndipo kunsi kwake n'kolowa m'kati. Amenewo saphulika wamba. Zitsekero ndi mawaya omangira zili m'kathumba.

Za shuga, mundilole ndinene m'chinenero cha ntchito yanu. Vinyo m'botolo ali ngati munthu m'jekete. Mukamudyetsa mopitirira, mabatani amaduka. Supuni imodzi yaing'ono ndiye saizi yake.

Mukatseka, mabotolowo muwagoneke masabata asanu ndi limodzi. Kenako muwaimike chozondoka, ndipo tsiku lililonse muzizunguza botolo lililonse pang'ono kuti nsenga zitsikire kukhosi. Muzilemba kachizindikiro ndi choko chanu kuti muzidziwa pamene mwalekezera. Za kudekha sindingakuphunzitseni, inu amene mumalowetsa ulusi pa singano tsiku ndi tsiku.

Za sitepula ija ndinalakwa. Thalauzalo ndinagula m'mawa womwewo kuti ndikaoneke bwino pamaso panu, ndipo nthawi yopita nalo kwa telala inandithera. Ndinalisunga mpaka lero, koma sindinalivalenso.

Ine wanu,
Wophika.

8 Juni

Kwa wophika,

Bokosi linafika, mabotolo onse ali amoyo. Amene anawakulunga anakulunga bwino, kaya ndi ndani.

Chigubu chachiwiri chinalira masiku makumi awiri ndi anayi, ndinkalemba pa kalendala. Shuga ndathira supuni imodzi yaing'ono, pamwamba pake ndinasalaza ndi rula. Mabotolo ndawagoneka pansi pa tebulo, ndipo poti kwayamba kuzizira ndawasokera chofunda cha zidutswa za nsalu. Mayi a kuno akuti iwo akhala akupempha chofunda chotere zaka zitatu. Zimenezo ndi nkhani zina.

Ndili ndi mafunso. Kodi phokoso la makina lingasokoneze vinyo? Kodi kuzunguza kuja n'kopita kumanja kapena kumanzere? Nanga munthu angadziwe bwanji kuti thovu lilimo asanatsegule? Ndayesa kuika khutu, sindikumva kanthu.

Chitsanzo cha jekete chija n'cholondola, ngakhale jekete losokedwa bwino limasiyidwa malo m'mbali.

Muyankhe msanga. Kalata ino si yachibale, ndi ya ntchito.

Telala.

28 Julayi

Bambo ndi Amayi,

Moni nonse. Ife tili bwino.

Bambo, ndawerenga bwinobwino. Chaka chino mwamuna wanga walandira makalata asanu ochokera kwa inu, ine mwana wanu imodzi yokha. Ina munamufunsa ngakhale kaphikidwe ka supu wa bondo la Amayi. Akamawerenga amachita kutseka chitseko, ati ndi za ntchito.

Ine ndatopa kudikira zinanazi. Ku hotela atipatsa tchuthi cha sabata imodzi tonse awiri, ndipo china sichipezekanso mpaka chaka chamawa. Tikubwera pa 9 Ogasiti ndi basi ya m'mawa, tonse atatu. Thovu likhalepo kaya lisakhalepo, ife tikubwera. Mukakana kuti mwamuna wanga alowe, aima pamsewu ndi sutikesi, ine ndiima naye, mdzukulu wanu aima pakati pathu, ndipo wometa tsitsi apeza nkhani ya chaka chonse.

Kuuma mutu ndinatengera inu, ndiye musadabwe.

Kansingano.

17 Ogasiti

Amayi anga okondedwa,

Tafika bwino. Mdzukulu wanu wagona njira yonse atakumbatira tepi yoyezera ya agogo ake, ndipo lero wayeza mphaka, mpando ndi mwendo wa alandilodi.

Munati ndikulembereni zonse zimene zinachitika pakhomo paja, poti inu munabisala kuseri kwa chitseko mutatseka maso ndi makutu. Sindikukunenani, nkhondo ya m'mwezi wa Epulo munaiona ndinu.

Titatsika basi tinapeza Bambo ataima pakhomo la shopu, atavala suti, botolo lili m'manja, atatsekereza khomo lonse. Moni sanapereke. Mwamuna wanga anaima pamsewu ndi sutikesi monga ndinanenera. Wometa tsitsi anali atatulutsa kale benchi, makasitomala ake atakhala mondandalika. 

Bambo anamasula waya. Anthu anabwerera m'mbuyo. Chitsekero sichinauluke. Anachigwedeza, anachikoka, mpaka chinatuluka ndi kaphokoso ngati kamwana ka mphaka kakuyetsemula. Anathira m'tambula. Zii. Madzi achikasu basi, angoti phee. Wina pa benchi anatsokomola. Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa nkhope ya Bambo sindikanatha kuiona.

Ndiye anavala magalasi n'kukweza tambula ija ku dzuwa. Tinadikira. Kuchokera pansi pa tambula kanakwera kathovu kamodzi, kakang'ono ngati mutu wa pini, kosafulumira n'komwe. Bambo anati, "Wani." Kanabwera kena. "Thuu." Benchi yonse inayamba kuwerenga nawo. Anafika pa seveni, ndipo mdzukulu wanu anakuwa kuti "Eyiti!" poti seveni samudziwa.

Bambo anatsika sitepe imodzi n'kupereka tambula kwa mwamuna wanga. Anati, "Odziwa ndinu. Ichi n'chiyani?"

Mwamuna wanga anaika sutikesi pansi, analandira ndi manja awiri, ananunkhiza monga amachitira alendo a ku hotela, n'kumwa yonse. Misozi inalengeza m'maso. Anati, "Bambo, uyu ndi vinyo wathovu."

Amayi, m'basi wandiuza kuti chibadwire sanamwepo chinthu chowawasa chotero, mano akuyayamirabe mpaka lero. Koma akuti thovu linalimodi, ndiye sananame.

Bambo anasuntha pakhomo paja n'kunena kuti, "Lowani, apongozi." Apa ndi pamene inu munatulukira mukufunsa kuti waphulika kale kodi.

Zotsalazo munaziona nokha, mmene ananyamulira kamwana osafuna kukatsitsa, ndi mmene anadzitamira sabata yonse kuti pakanapanda mathovu asanu ndi awiri aja tikanagona pamsewu, chifukwa iwo mawu awo ndi chitsulo. Mukukumbukanso kuti tsiku loyamba lomwelo anafunsa mwamuna wanga kuti, "Thalauza lija mwabwera nalo?" Ife tinangoyang'anana. Iwo anati, "Kodi kalata yanga..." n'kusiyira pomwepo, n'kuyamba kukamba za mtengo wa ulusi.

Amayi, kalatayo ndaipeza. Inali pansi pa chitseko chathu titafika kuno, envelopu yake yodetsedwa ndi zidindo, ikuoneka kuti inayamba yasochera. Anailemba tsiku limodzi ine ndisanalembe yanga ija, ndiye zinasemphana panjira. Ndaiwerenga nditakhala pa masitepe omwe aja, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ndikudziwa kuti inu sanakuonetseni, choncho ndakukoperani m'munsimu mawu ndi mawu. Musawauze kuti yafika. Asiyeni azidzitama ndi mathovu awo.

Thalauza tatumiza pa basi lero.

Mwana wanu.

27 Julayi

Kansingano mwana wanga,

Lero ndatsegula botolo limodzi kuti ndiyese. Mulibe thovu. Ndatsegula lachiwiri, chimodzimodzi. Ndinatsata zonse, masiku ndinawerenga, kuzunguza sindinadumphe ndi tsiku limodzi lomwe. Vuto si mwamuna wako, iye anandiphunzitsa bwino ndiponso moleza mtima. Amene walephera ndine.

Ndakhala pa makina tsiku lonse osasoka kanthu. Zaka makumi anayi ndakhala ndikuuza anthu kuti msoko ukakhota umamasulidwa, suchitiridwa manyazi. Wanga wokha ndaukakamira zaka zisanu ndi chimodzi. Mawu aja ndinalankhula nditapsa mtima, ndipo anali opusa. Ndawabweza. Vinyo wakanika, koma inu bwerani, nonse atatu. Ndakusowa, mwana wanga.

Umuuze mwamuna wako abwere ndi thalauza lija. Ndilipinda ndekha.

Ndine bambo ako.